Akuti maso anga alibe vuto, nanga bwanji zilembo zimavina ndikamawerenga?

Funso la owerenga athu likuti: "Ndili ndi zaka 34, ntchito yanga ndi ya pakompyuta tsiku lonse. Chaka chatha tsopano mutu ukundipweteka pachipumi makamaka ikamakwana masana, zilembo zimakhala ngati zikuvina, ndimadumpha mizere powerenga, ndikalowa mushopu yaikulu ndimamva chizungulire. Ndinakayezetsa maso anandiuza kuti onse awiri amaona 6/6, palibe vuto. Koma ndazindikira kuti usiku ndikamawerenga pafoni ndimatsinzina diso limodzi. Ndinaona pa intaneti za binocular vision dysfunction, kodi ingakhale imeneyi?"

Mayi, pa zonse mwanenazi chomwe chandichititsa chidwi kwambiri ndi chakumapetoko, zotsinzina diso limodzizo. Mutu kupweteka kuli ndi zoyambitsa zambirimbiri, chizungulire nachonso chimodzimodzi, koma munthu wamkulu yemwe amapezeka watseka diso limodzi osaganiza n'komwe kuti awerenge bwino, ameneyo thupi lake lapeza kale njira yothawira vuto, ndipo nthawi zambiri vutolo limakhala loti maso awiriwo akuvutika kugwirira ntchito limodzi, zomwe ndi tanthauzo la binocular vision dysfunction mwaitchulayo. Sindingakuuzeni ndili kuno kuti muli ndi chakuti chifukwa sindinakuyezeni, koma zoti mukufunika kuyezedwanso, mwamtundu wina, zimenezo ndiye ndikutsimikiza.

Amene anakuyezaniwo sananame ayi. Tchati cha zilembo chija, chomwe dokotala wina wa ku Netherlands dzina lake Herman Snellen anapanga mu 1862, chimayeza diso lililonse palokha. Mumatseka lamanzere n'kuwerenga, kenako mutseke lamanja muwerengenso, basi. 6/6 ikungotanthauza kuti pa mtunda wa mamita 6 mukuwerenga zilembo zomwe diso labwinobwino limayenera kuwerenga pa mamita 6. Nde taonani, vuto lomwe mukuliganiziralo limabwera maso onse awiri akatseguka, pomwe mayeso aja amachitika diso limodzi lili lotseka, ndekuti munthu atha kukhoza tchati chonse mpaka mzere wapansi uku akuvutika tsiku ndi tsiku.

Diso lililonse lili ndi timinofu 6 tomwe timalitembenuza, tinayi towongoka tokokera m'mwamba, pansi, mkati ndi kunja, tiwiri topingasa tomwe timalizunguza pang'ono komanso kuthandiza kukweza ndi kutsitsa. Maso awiri ndiye timinofu 12, ndipo timalamulidwa ndi mitsempha itatu mbali iliyonse yochokera ku ubongo, madokotala amaitchula ndi manambala, 3, 4 ndi 6. Maso anu atalikirana masentimita pafupifupi 6, choncho lililonse limaona chithunzi chosiyana pang'ono ndi linzake, ubongo n'kuziphatikiza kukhala chimodzi, ndipo kusiyana pang'onoko ndi komwe kumakuthandizani kudziwa kuti ichi chili pafupi icho chili patali. Kuti ziphatikizike bwino maso onse awiri akuyenera kuloza pamalo amodzimodzi nthawi imodzimodzi, olo mukuyenda, olo mukutembenuza mutu, olo mukuthamangitsa maso pamzere wa zilembo. Zili ngati ng'ombe ziwiri pagoli limodzi, iliyonse ikhoza kukhala yamphamvu bwinobwino koma ina ikamakokera kumbali pang'ono, ngolo imayendabe mumsewu inde, kungoti woyendetsa ndi amene amafika atatheratu. Woyendetsayo apa ndi ubongo wanu.

Pali kusalunjika kwa maso kooneka, kuja diso limodzi limayang'ana kumbali aliyense n'kumaona, achipatala amati strabismus. Ndiye pali kobisika, amati phoria, komwe diso limafuna kupatuka koma ubongo umalikoka kulibwezera pamzere sekondi iliyonse, moti pagalasi simungaone kanthu, ngakhale amuna anu sangaone kanthu. Anthu ambiri, mwinanso ine ndi inu tonse, tili ndi ka phoria kakang'ono ndipo sikativutitsa chifukwa mphamvu yokokera ilipo yokwanira n'kutsalako. Mavuto amayamba mphamvu yotsalayo ikachepa, kaya chifukwa cha kutopa, kudwala, kukula, kumenyetsa mutu pangozi, kapena ntchito yoyang'ana pafupi maola ambiri ngati yanuyi.

Mtundu womwe ndimauganizira koyamba ndikamva nkhani ngati yanu ndi convergence insufficiency. Mukamayang'ana chinthu chapafupi maso onse amayenera kulowera mkati chakumphuno, ndipo akhale chomwecho nthawi yonse yomwe mukuwerenga. Kwa ena kulowera mkatiko n'kofooka, amayamba bwinobwino m'mawa koma pakatha mphindi 15 kapena 20 zilembo zimayamba kuyandama, mawu amakhala ngati ali ndi mthunzi, pena amagawika pawiri kenako n'kubwererana mukaphethira. Mtundu wina ndi woti diso limodzi limafuna kukwera m'mwamba pang'ono kuposa linzake, amati vertical heterophoria, ndipo umenewu ndi wovuta mwakachetechete chifukwa ubongo uli ndi mphamvu zambiri zokokera maso cham'mbali koma zochepa kwambiri zokokera m'mwamba ndi pansi. Timayeza ndi muyezo wotchedwa prism diopter, imodzi ndi kupatuka kwa sentimita imodzi pa mtunda wa mita imodzi. Cham'mbali munthu wabwinobwino amatha kukokera mkati ma prism diopter 20 kapena kuposa osadandaula, koma cham'mwamba atatu okha amakhala atamufikitsa kumalire. Nde kupatuka kochepetsetsa komwe palibe angakuone ndi maso kutha kumusowetsa munthu mtendere.

Tsopano zizindikiro. Ine sindimadalira kwambiri mndandanda wa zizindikiro chifukwa mukauwerenga aliyense amadzipezamo, chomwe ndimafunsa ndi nthawi yake, zimayamba liti ndipo zimasiya mukatani. Mutu wa vuto la maso awiri sumadzuka nawo kawirikawiri. Mumadzuka muli bwino, umabwera mutagwira ntchito, umakhala pachipumi, pamwamba pa nsidze kapena kuseri kwa maso ngati wina akukoka, umakula madzulo, ndipo tsiku lomwe simunagwire kompyuta kapena buku umachepa mwinanso osabwera. Powerenga munthu amataya mzere, amabwereza mzere womwe wawerenga kale, amalozera ndi chala ngati mwana wa sukulu, amafika pansi pa tsamba osakumbuka zomwe zinali pamwamba chifukwa mphamvu zonse zathera pogwira zilembo kuti zisabalalike, ndipo tulo timamugwira akangowerenga pang'ono olo anagona bwino usiku. Tayang'anani mmene mumakhalira padesiki ikamakwana 3 koloko, ambiri amapezeka atsamira chigongono patebulo, chikhatho chili pa tsaya, zala zaphimba diso limodzi, iwo n'kumati ndangotopa. Ena amagona chammbali pafoni diso limodzi litakwiririka mupilo, ndipo amadabwa kuti bwanji pabedi amawerenga nthawi yaitali kuposa pampando.

China ndi kupendeketsa mutu. Munthu yemwe diso lake limodzi limakwera, makamaka ngati mtsempha nambala 4 uli wofooka, amapendekera mutu kuphewa limodzi chifukwa akatero zithunzi ziwiri zija zimakumana mosavuta. Mwiniwake sadziwa. Amangodandaula khosi ndi phewa mbali imodzi zaka ndi zaka, kusisita, kusintha pilo, osatheka. Tsegulani zithunzi zanu zakale, za pa chiphaso, za kusukulu, za muli mwana, muziike pamodzi. Ngati m'zithunzi zonse mutu wapendekera mbali imodzimodzi ndekuti mwina munabadwa nazo ndipo ubongo wakhala ukulimbana nazo moyo wanu onse, pano mphamvu ndi zomwe zayamba kuchepa. Ometa tsitsi ndi ojambula zithunzi nthawi zina ndi amene amayamba kuona, kumangokuwongolani mutu inu n'kumabwereranso pomwepo.

Za chizungulire mushopu yaikuluzo zimamveka. Kuti muime osadzandira ubongo umaphatikiza uthenga wochokera m'maso, mkati mwa khutu, ndi m'mapazi ndi m'khosi. Malo okhala ndi mashelefu ataliatali odzadza katundu wamitundumitundu, magetsi owala, anthu akudutsana, amapatsa maso ntchito yochuluka, ndipo maso akamapereka uthenga wosakhazikika munthu amamva ngati pansi pakuyenda, mseru, mtima kugunda, kufuna kungotuluka. Ena zimawapeza mugalimoto, makamaka akakhala kumbuyo kapena pamakona, ena poyendetsa usiku magetsi a galimoto zobwera amagawika. Palinso tizinthu ting'onoting'ono ta kuyeza mtunda, kuthira madzi pambali pa kapu, kuphonya sitepe potsika, kugunda mafelemu a zitseko ndi phewa, kulephera kuwakha mpira, kuvutika kulowetsa ulusi pa singano pomwe mukuona bwinobwino bowolo.

Pali zinthu zingapo zomwe mungayese nokha kunyumba, osati kuti mudzipeze matenda koma kuti mukapite ndi nkhani yomveka. Nthawi yomwe zilembo zayamba kuvina phimbani diso limodzi ndi chikhatho, osalifinya, muwerenge kwa mphindi zingapo, kenako musinthe linalo. Zikakhazikika ndi diso lililonse palokha koma n'kuyambiranso mukatsegula onse, chimenecho ndi chizindikiro champhamvu. Koma ngati mwatseka limodzi ndipo lotsegukalo likuonabe ziwiriziwiri kapena mthunzi, vuto lili mkati mwa diso limenelo, mwina kuuma kwa diso, astigmatism (kutsogolo kwa diso kosazungulira mofanana mbali zonse) kapena ng'ala, osati kugwirizana kwa maso. Chachiwiri tengani pensulo, itambasuleni kutsogolo kwa mphuno, yang'anitsitsani nsonga yake uku mukuibweretsa pang'onopang'ono. Anthu ambiri amaiona imodzi mpaka itafika pafupi kwambiri ndi mphuno, koma ikagawika pawiri isanafike masentimita 10, kapena wina yemwe akukuyang'anani akaona diso limodzi likuthawira kunja, kanenereni. Bwerezani kangapo chifukwa ena ulendo woyamba amakhoza, wachisanu n'kulephera. Musadabwe mukaona kuti pomwe mukuyang'ana pensulo zinthu zakumbuyo kwake zikuoneka ziwiri, zimenezo n'zachibadwa, aliyense wa maso awiri ogwira ntchito amaona choncho, ndimanena dala chifukwa anthu ambiri amachita mantha ndi zimenezi.

Apa ndiye mumvetsetse, chifukwa si kuona ziwiriziwiri konse komwe kumadikira. Zanuzi zabwera pang'onopang'ono kwa chaka, zimayenderana ndi ntchito, sizikundiopsa. Koma munthu akangoyamba kuona ziwiriziwiri mwadzidzidzi, dzulo anali bwino lero zinthu zagawika ndipo sizikubwererana, ameneyo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Makamaka ngati chikope chagwa, mwana wa diso wakula mbali imodzi, mutu ukupweteka koopsa kuposa kale lonse, akusanza, dzanja kapena mwendo wachita dzanzi kapena walefuka, pakamwa papotoka, mawu sakumveka bwino. Zimenezi zitha kukhala sitiroko, kapena mtsempha wa magazi wotupa mu ubongo womwe ukupanikiza mtsempha nambala 3, kapena kuchuluka kwa mphamvu ya madzi m'mutu. Odwala shuga ndi BP nawo nthawi zina mtsempha umodzi wa diso umafooka mwadzidzidzi, ambiri amachira okha pa miyezi itatu kapena kuposerapo pang'ono, komabe ndi dokotala yemwe akuyenera kunena kuti ndi zimenezo atachotsa zoopsa zija. Kuona ziwiriziwiri komwe kumasinthasintha, m'mawa kulibe madzulo kwabwera limodzi ndi zikope zolemera, kumatiganizitsa matenda ofooketsa minofu otchedwa myasthenia gravis. Maso otong'oka ndi ofiira pamodzi ndi kuonda ndi mtima kuthamanga, timayeza chithokomiro. Ndipo wa zaka zopitirira 50 yemwe wayamba mutu watsopano chammbali, nsagwada kutopa potafuna, kuona ziwiri, asagone nazo, pamenepo maso atha kufa pa masiku ochepa.

Kwa ana nkhani imasiyana, ndingoikhudza poti mwina muli nawo. Mwana wamng'ono diso likapatuka sadandaula zoona ziwiri chifukwa ubongo wake umangozimitsa chithunzi cha diso limodzi, ndipo diso lozimitsidwalo limakhala laulesi, amblyopia, lomwe limathandizika bwino likapezeka msanga, makamaka asanafike zaka 7 kapena 8. Khanda la miyezi yoyambirira maso kusochera apa ndi apo si zachilendo, koma likapitirira miyezi inayi diso likupatukabe, kapena mukaona choyera mkati mwa mwana wa diso pa chithunzi, thamangani naye. Ana akusukulu a convergence insufficiency ndi aja amatchedwa aulesi, osamvetsera, amakana buku koma nkhani mukawawerengera amaimva bwino n'kuibwerezanso yonse.

Ndikuuzeninso maganizo anga pa dzina lomwe mwalipeza pa intanetilo. Binocular vision dysfunction si matenda amodzi, ndi dzina lophimba mavuto angapo, ndipo masamba ambiri omwe amalilengeza ndi a anthu ogulitsa magalasi a prism, magalasi opinda kuwala kuti zithunzi za maso awiri zikumane. Mndandanda wawo wa zizindikiro umakhala wautali mpaka nkhawa, kusagona, kuiwala, zonse kulowa momwemo, moti wowerenga aliyense amatuluka akuti ndi ine ameneyu. Mavuto a kugwirizana kwa maso alipodi ndipo amaphonyedwa kawirikawiri, zimenezo sinditsutsa, koma zoti ka prism kakang'ono kamachiza nkhawa ndi chizungulire chilichonse ine ndimazitenga mosamala. Chizungulire choti chipinda chikuzungulira mukatembenuka pabedi nthawi zambiri ndi cha mkati mwa khutu. Choti mukaimirira msanga kumada m'maso, yezetsani BP ndi kuchuluka kwa magazi. Mutu waching'alang'ala nawo umadana ndi kuwala ndi malo odzadza. Ndipo pa zaka 34 ndi ntchito yanuyo pali zinthu ziwiri wamba zomwe zimafanana kwambiri ndi zomwe mwafotokoza. Choyamba ndi kuuma kwa maso, poti pa sikirini timaphethira mochepa, zilembo zimachita chimbuuzi n'kuyera mukaphethira. Chachiwiri ndi hyperopia yobisika, diso lomwe limafunika galasi la plus koma poti mukadali wachinyamata limadzikakamiza lokha n'kuwerenga 6/6 yonse, mtengo wake n'kukhala mutu wa masana uja. Imeneyi pena imaoneka bwino pokhapokha atakuthirani mankhwala m'maso omasula minofu yoonera pafupi.

Ngati mumavala magalasi, nawonso akayezedwe. Galasi lililonse lili ndi pakati pake pomwe pakuyenera kukhala moyang'anizana ndi mwana wa diso, pakasuntha galasilo limasanduka prism lokha. Mawerengedwe ake ndi osavuta, mphamvu ya galasi kuchulukitsa ndi masentimita omwe lasuntha, nde galasi la mphamvu 5 litasuntha mamilimita 4 likupatsani ma prism diopter awiri, ndipo ngati kusunthako kuli cham'mwamba mbali imodzi, kumbukirani malire atatu aja. Felemu yopindika yomwe munaikhalira, mbali imodzi yakwera ina yatsika, imatha kubweretsa zonse mwalembazi. Chimodzimodzi magalasi ongogula osayezedwa, kapena maso awiri osiyana mphamvu kwambiri.

Mukamabwerera kukayezetsa musakangoti ndikufuna kuyezetsa maso, akakupatsaninso tchati chomwe chija. Kanenereni kuti ndimatseka diso limodzi powerenga ndipo ndikufuna muone ngati maso anga akugwira ntchito limodzi. Woyeza akuyenera kuchita cover test patali ndi pafupi, kuja amaphimba diso limodzi n'kusamutsira ku linalo uku akuyang'ana ngati likudumpha, ayeze pomwe pensulo kapena kachizindikiro kamagawikira, ayeze mphamvu yotsala ija ndi ndodo ya ma prism, aone kukwera kwa diso mwina ndi Maddox rod, kagalasi kofiira komwe kamasandutsa kuwala kwa tochi kukhala mzere, ayendetse maso mbali zonse, komanso ayeze kuona kuya kwa zinthu. Optometrist, woyeza maso ndi magalasi, amatha zimenezi, orthoptist, katswiri wa kayendedwe ndi kugwirizana kwa maso, ndiye ntchito yake yeniyeni, ndipo ophthalmologist, dokotala wa maso, amafunika ngati pali kukayikira mtsempha kapena opaleshoni. Pitani masana mutagwirako ntchito, osati m'mamawa maso ali opuma, chifukwa phoria imabisala munthu akakhala asanatope. Tengani magalasi onse omwe muli nawo, zithunzi zakale zija, ndi kapepala komwe mwalembapo kwa sabata imodzi kapena ziwiri nthawi yomwe mutu wayamba ndi zomwe mumachita. Ngati munagwapo kapena kuchita ngozi n'kumenyetsa mutu zisanayambe izi, olo simunakomoke, kanenereni, mavuto olowetsa maso mkati amabwera kawirikawiri pambuyo pa concussion, kugwedezeka kwa ubongo mutu ukamenyetseka.

Chithandizo chimatengera chomwe chapezeka. Pena magalasi oyenera okha amathetsa nkhani. Kupatuka kwa m'mwamba kumathandizika bwino ndi prism yoikidwa mugalasi, ndipo ambiri amayamba ndi Fresnel prism, kapulasitiki kopyapyala komata pagalasi, kuti aone kaye ngati mphamvuyo ikukuyanjani asanadule galasi lenileni. Prism sikonza diso, imangopinda kuwala kuti kufike pomwe diso likufuna kukhala, mukavula magalasi vuto lilipobe. Convergence insufficiency ndiye imamva masewera olimbitsa maso, ndipo apa umboni ulipo wabwino. Kafukufuku wa ku America wotchedwa Convergence Insufficiency Treatment Trial, yemwe anatuluka mu 2008, anatenga ana 221 a zaka 9 mpaka 17 n'kuwagawa m'magulu kwa masabata 12. Mwa omwe amachita masewerawa kuchipatala ndi katswiri sabata iliyonse n'kumapitiriza kunyumba, pafupifupi 73 pa 100 alionse anachira kapena kupezako bwino, pomwe ongochita za pensulo kunyumba anali 43 pa 100, osasiyana kwenikweni ndi gulu lomwe limapatsidwa masewera onamizira, 35 pa 100. Nde amene angakuuzeni kuti muzingoyandikitsa pensulo pamphuno basi, dziwani kuti payokha siipita patali. Kafukufuku wotsatira wa 2019 anapezanso kuti masewerawa amakonza kayendedwe ka maso koma sanapangitse ana kuwerenga bwino kuposa gulu lonamiziralo, choncho wina asakulonjezeni kuti mwana akhoza mayeso chifukwa cha masewerawa, omwe amawatcha vision therapy. Anali ana amenewo, komabe akuluakulu nawo timawapatsa masewera omwewa, monga Brock string, chingwe chokhala ndi mikanda itatu chomwe mumagwira pamphuno n'kumasuntha maso kuchoka pa mkanda wina kupita pa wina. Opaleshoni ya timinofu imasungidwira kupatuka kwakukulu komwe prism singakwanitse.

Podikira tsiku lokayezetsa, sunthirani sikirini patali pang'ono, kutalika kwa mkono wanu, kulitsani zilembo, foni musaiyandikitse kumaso, ndipo mphindi 20 zilizonse muziyang'ana chinthu cha pa mamita 6 kapena kupitirira kwa masekondi 20 uku mukuphethira dala. Kutseka diso limodzi usiku pafoni sikukuwonongani, munthu wamkulu diso silichita ulesi chifukwa cha zimenezo, koma ngati mumayendetsa galimoto ndipo magetsi kapena mizere ya pamsewu yayamba kuoneka iwiri, siyani kaye kuyendetsa mpaka akuoneni.